Kusankha masoketi a mu labu yoyezera zinthu: soketi izikana yokha pulagi yolakwika

Chaka chatha ndinaitanidwa ku labu ina yoyeza dothi ndi konkire kuno ku Blantyre. Pafoni anandiuza zinthu ziwiri: sikelo yawo yodula yapsa, ndipo UPS, makina a mabatire opereka magetsi pamene a ESCOM athima, ikumangolira n'kuzima masanasana. Nditafika ndinaima pakhomo n'kuyang'ana khoma la kuseri kwa mabenchi. Masoketi onse anali oyera, ofanana, a mabowo atatu amakona aja tili nawo m'nyumba zathu. Ena anali pa magetsi wamba a 230V, ena pa UPS, ndipo awiri anali pa thiransifoma yotsitsa mphamvu kufika pa 110V. Chowasiyanitsa chinali timapepala tomata ndi selotepi, tina titafufutika ndi fumbi la simenti.

Sikelo ija inachokera ku America. Wina anaidula pulagi yake n'kuikapo pulagi yathu ya 13A kuti izilowa m'masoketi awiri aja a 110V. Mnyamata amene anali atangoyamba kumene ntchito anasuntha sikelo kuti apukute benchi, pobwezera anailowetsa pa soketi yoyandikana nayo. Analibe mlandu ngakhale pang'ono, chifukwa pulagi inalowa bwinobwino. UPS nayo inkalira chifukwa hotipuleti ya 2kW youmitsira masampulo inkalumikizidwa pa soketi yake.

Ndagwira ntchito ya magetsi nthawi yaitali, ndipo mfundo imene ndimayendera m'malabu ndi imodzi. Mtundu uliwonse wa magetsi uzikhala ndi soketi ya kapangidwe kakekake, yoti pulagi ya mtundu wina isalowemo ngakhale munthu ataikankha ndi mphamvu zake zonse. Chikwangwani n'chothandiza, penti wofiira n'ngothandiza, koma munthu wotopa amene akutseka ntchito 5 koloko sawerenga. Bowo losagwirizana ndi mwendo wa pulagi ndi limene limamuletsa.

Musanapite kusitolo, tengani kope muyendere makina onse limodzi ndi amene amawagwiritsa ntchito. Kuseri kwa makina aliwonse kumakhala kachitsulo kapena kapepala kolembedwa zofunika zake. Lembani ma volt, ma amp kapena ma watt, ma Hz, ngati ndi a phase imodzi kapena atatu, ndiponso ngati ndi a AC (onga a ESCOM) kapena DC (onga a batire). Onjezani mafunso awiri amene kachitsuloko sikayankha: makinawa amakhala ponyowa kapena pafumbi? Magetsi akathima mwadzidzidzi, ntchito imawonongeka? Safunsa anadya phula. Mu labu ija kaundulayu anatitengera theka la tsiku, ndipo anationetsa kuti m'chipinda chimodzi munali mitundu isanu ya magetsi: 230V wamba, 400V ya phase zitatu, ya UPS, 110V, ndi 24V DC ya mabatire a makina ojambula manambala.

Tiyambe ndi soketi ya tsiku ndi tsiku. Magetsi amene ESCOM imatipatsa m'nyumba ndi 230V, 50Hz, ndipo soketi yathu ndi ya ku Britain, ya muyezo wa BS 1363, umene unatuluka mu 1947. Ndi soketi yabwino: mabowo a live ndi neutral amakhala otseka mpaka mwendo wautali wa earth utawatsegula, ndipo pulagi yake imakhala ndi fyuzi. Malire ake ndi 13A, ndiye mukachulukitsa ndi 230V mupeza pafupifupi 3kW. Koma 3kW ya ketulo imene imawira mphindi zitatu ndi yosiyana ndi katundu wa uvuni woumitsira dothi, amene amakhala pa madigiri 105 mpaka 110 usiku wonse popanda womuyang'anira. Pulagi ikamatentha ndi kuzizira tsiku ndi tsiku, tizitsulo togwira fyuzi timafooka, kutentha kumawonjezeka, kenako mumaona pulasitiki yada mozungulira bowo la live. Dziwaninso kuti soketi ya pawiri sinapangidwe kuti inyamule 26A, choncho musaike makina awiri otenthetsa pa soketi imodzi ya pawiri. Ine chilichonse choposa 2kW chimene chimayaka maola ambiri ndimachichotsa pa 13A.

Ndimachipititsa pa masoketi ozungulira akuluakulu aja ambiri amawatcha industrial kapena commando, a muyezo wa IEC 60309. Pamenepa ndikhalitsapo, chifukwa banja la masoketi limeneli linapangidwira vuto lenileni limene tikukambali, koma amisiri ambiri amangodziwa ya buluu ndi yofiira basi.

Mtundu wa pulasitiki umanena ma volt. Yachikasu ndi ya 100 mpaka 130V, ya buluu 200 mpaka 250V, yofiira 380 mpaka 480V, yakuda kuyambira 500V kupita m'mwamba. Palinso yoyera ya 40 mpaka 50V, ya pepo ya 20 mpaka 25V, ndi yobiriwira ya magetsi a ma Hz okwera monga 400Hz ya zipangizo za ndege. Kukula kwake kumanena ma amp: 16, 32, 63 ndi 125, ndipo pulagi ya 16A singalowe mu soketi ya 32A. Koma luso lenileni lili pa mwendo wa earth. Yang'anani soketi kumaso ngati mukuyang'ana wotchi, kampata kolondolera pulagi kali pansi, pa 6 koloko. Bowo la earth, limene ndi lalikulu kuposa enawo, limaikidwa pa ola losiyana malinga ndi mtundu wa magetsi. Ya buluu ya miyendo itatu ili ndi earth pa 6 koloko, ndipo pachivundikiro pamalembedwa 6h. Yachikasu ya miyendo itatu ndi 4h. Yofiira ya 400V ndi 6h. Yochokera pa thiransifoma yolekanitsa magetsi, isolating transformer, ndi 12h. DC ya pakati pa 50 ndi 250V ndi 3h, DC yoposa 250V ndi 8h. Ndiye ngakhale mumdima, ngakhale kwa munthu wosasiyanitsa mitundu, pulagi ya 4h sidzalowa mu 6h. Pogula musangonena kuti "ndipatseni ya buluu". Nenani zonse: 16A, miyendo itatu, 230V, 6h, IP44 (nambala ya chitetezo ku fumbi ndi madzi). Za maola achilendo monga 12h ndi 3h sizipezeka pashelefu kawirikawiri, muyenera kuitanitsa nthawi ikadalipo.

Chimodzi chimene anthu amaiwala: mapulagi amenewa alibe fyuzi. Chimene chimateteza waya ndi buleka yokha ya mu DB, bokosi logawira magetsi. Choncho soketi ya 16A izikhala ndi buleka yakeyake yosaposa 16A, pa waya wake wochokera ku DB, nthawi zambiri wa 2.5mm². Musaipachike pa mzere wa masoketi wamba umene uli pa buleka ya 32A. Werengetsaninso bwino. Soketi ya buluu ya 16A imapereka 3,680W. Ng'anjo ya mu labu ija inali ya 4kW, kutanthauza pafupifupi 17.4A, ndiye 16A sinakwane. Tinaika ya 32A pa waya wa 6mm². Kunenepa kwa waya kumadaliranso kutalika kwake ndi mmene wadutsira, kaya m'paipi yokwiriridwa kaya poyera, ndipo chimenecho chiwerengedwe ndi mmisiri wa chilolezo cha MERA.

Pa phase zitatu, soketi yofiira ya 16A imanyamula pafupifupi 11kVA ndipo ya 32A pafupifupi 22kVA. Ilipo ya miyendo inayi ndi ya miyendo isanu. Ya inayi ilibe neutral. Imakwanira pa mota yokhayokha, koma makina ambiri a masiku ano, monga ophwanyira timabokosi ta konkire ta 150mm pa tsiku la 7 ndi la 28, amakhala ndi kakompyuta ka 230V kofuna neutral. Ndaonapo munthu atapeza soketi ya miyendo inayi n'kutenga waya wa earth kuti agwire ntchito ya neutral. Makina amayenda ndithu, koma tsiku limene waya wa earth uja adzamasuke, thupi lonse lachitsulo la makinawo lidzakhala ndi nyesi. Mu labu ndimaika ya miyendo isanu paliponse, ngakhale makina a lero sakufuna neutral. Mukamaliza, yesani kayendedwe ka phase pa soketi yofiira iliyonse ndi mita yake, zonse zizizungulira mbali imodzi. Pampu ya mafuta ya makina ophwanyira konkire ikazungulira chobwerera sikankha, ndipo ingathe kuwonongeka. Yesaninso jenereta ikuyenda, chifukwa amene analumikiza jenereta mwina anasinthanitsa mawaya awiri. Pa 32A kupita m'tsogolo ndimakonda soketi yokhala ndi switchi yokhoma, yoti pulagi situluka switchi ili yoyatsa, ndiponso siyatsika pulagi isanalowe.

Ponyowa, monga pafupi ndi thanki yonyikamo konkire imene imakhala ndi hita ndi pampu, sankhani IP67, ya mphete yopotokola. IP44 imangoteteza ku madzi othovokera. Ndipo soketi iliyonse imene munthu amaigwira ndi manja izikhala kuseri kwa RCD ya 30mA, switchi imene imadula yokha magetsi akayamba kutayikira ku earth. Makina okhala ndi VFD yosinthira liwiro la mota amafuna RCD ya mtundu woyenera, nthawi zambiri Type B ngati ali a phase zitatu, popeza ya Type AC imatha kusaona kutayika kwa magetsi kokhala ndi DC. Makompyuta ndi zipangizo zoyezera zimataya timagetsi pang'ono ku earth kudzera m'masefa ake, ndiye mukaunjika khumi ndi zisanu pa RCD imodzi izingogwa popanda vuto lenileni. Mankhwala ake ndi kugawa mizere, osati kuchotsa RCD.

Tsopano za UPS, pamene ndimakangana kwambiri ndi eni malabu. Ambiri amagula masoketi a 13A ofiira n'kuganiza kuti zatha. Soketi yofiira ya 13A imalandirabe ketulo, hita ndi girayinda ya omanga amene abwera kudzakonza zenera. Pamafunika soketi ya bowo losiyana. Njira zilipo zingapo. Ku Britain kampani ya MK imapanga soketi ya 13A yokhala ndi bowo la earth looneka ngati chilembo T, ndipo kulinso ya Walsall imene miyendo yake inatembenuzidwa. Ku South Africa, kumene katundu wathu wambiri amachokera, kuli pulagi yofiira ya miyendo yozungulira ya 16A imene mwendo wake wa earth unasemedwa mbali imodzi. Pulagi yofiirayo imalowa mu soketi wamba ya kumeneko, koma pulagi wamba silowa mu soketi yofiira, ndipo ndi zimene tikufuna. Njira yotsika mtengo, imene tinatsata mu labu ija, ndi kuika pa benchi mizere ya mabowo a IEC C13, ofanana ndi a kuseri kwa UPS, n'kulumikiza zipangizo ndi mawaya a C13 kupita ku C14. Amenewa ndi a 10A. Chofuna zambiri chimapita pa C19 ya 16A. Palibe amene amabwera ndi hotipuleti ya pulagi ya C14 kuchokera kunyumba.

Pankhani yomweyi, ogulitsa zipangizo ena amalemba kuti makina awo amafuna "clean earth". Ku America soketi yotere imakhala ndi kachizindikiro ka makona atatu ka olenji. Tanthauzo lake ndi waya wa earth wakewake, wokutidwa, woyenda yekha mpaka pa malo aakulu a earth a nyumbayo. Sizitanthauza kukhoma chitsulo china panja n'kuchisiya chosalumikizana ndi earth ya nyumba. Mukatero, live ikakhudza thupi la makina magetsi amayenera kubwerera kudzera m'dothi, ndipo dothi louma la mu October silidutsitsa okwanira kugwetsa buleka. Makina amangokhala ndi nyesi kudikira dzanja la munthu. Yesaninso RCD pamene labu ili pa jenereta ndiponso pamene UPS ili pa mabatire, ndi mita yoyesera RCD, osati kungodina batani lake. Pa makina ena kulumikizana kwa neutral ndi earth kumatayika magetsi akuluakulu akathima, ndipo chitetezo chimene mumadalira chimakhala kuti palibe.

Zipangizo zochokera ku America ndi Canada zimabwera ndi pulagi ya NEMA 5-15, ya miyendo iwiri yafulati ndi umodzi wozungulira, yopangidwira 120V, 60Hz. Choyamba werengani kachitsulo kaja. Ngati palembedwa 100–240V, 50/60Hz, mwapuma: sinthani waya wochotseka ndi wa pulagi yathu basi. Zina zakale zimakhala ndi kaswitchi kofiira ka 115/230 kuseri, kaoneni musanayatse. Koma ngati palembedwa 120V yokha, musadule pulagi yake. Isiyeni, muike soketi yeniyeni ya NEMA pa mzere wa thiransifoma, ndipo mu labu monse pasapezeke soketi ya NEMA yokhala ndi 230V. Samalani ndi thiransifoma yachikasu ya pa malo omanga. Imapereka 110V, inde, koma earth yake ili pakati, ndiye mawaya onse awiri amakhala ndi 55V. Kwa dirilo ndi chitetezo chabwino. Kwa chipangizo choyezera chimene fyuzi ndi switchi zili pa waya mmodzi, poyembekezera kuti winayo ndi neutral, si zoyenera.

Thiransifoma imasintha ma volt okha, ma Hz siiwakhudza, ndipo mu labu yoyezera zinthu imeneyi si nkhani yaing'ono. Mota yopangidwira 60Hz ikaikidwa pa 50Hz imayenda magawo asanu mwa asanu ndi limodzi a liwiro lake. Imene kwawo imazungulira pafupifupi ka 1,800 pa mphindi kuno imazungulira pafupifupi ka 1,500, ndipo imatentha kwambiri ngati ma volt sanatsitsidweko. Wotchi yowerengera nthawi yoyendera mota imachedwa chimodzimodzi: mukaitchera mphindi 10 imatha 12. Ganizani makina ogwedeza masefa a mchenga akugwedeza pang'onopang'ono kwa nthawi yolakwika, kenako zotsatira zake n'kulembedwa pa lipoti la msewu kapena mlatho. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kuposa sikelo yopsa, chifukwa sikelo yopsa imaoneka. Poitanitsa makina nenani kuti mukufuna a 230V, 50Hz. Ngati abwera kale, pafunika makina osinthira ma Hz, ndipo mu labu yokhala ndi makina osinthirawo ine ndimasunga masoketi a NEMA kuti akhale a 120V 60Hz okha, yachikasu ya 4h kukhala ya 110V 50Hz.

Za DC ndinena mwachidule koma motsindika. Kumudzi ndaona nyumba za sola zitaikidwa masoketi a 13A pa 12V. Mu labu musayerekeze. Magetsi a 50Hz amadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi, ndiye moto umene umathetheka pozula pulagi umazima wokha. DC sidutsa pa ziro, motowo umatha kupitirira n'kusungunula zitsulo. Pa mabatire ndimagwiritsa ntchito zolumikizira za Anderson SB, zimene mtundu uliwonse unasemedwa mosiyana moti yofiira silowana ndi ya buluu. Mwachizolowezi yachikasu ndi ya 12V, yofiira 24V, ya buluu 48V. Za MC4 za mapanelo a sola si zozula magetsi akuyenda.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachotsa mu labu iliyonse tsiku loyamba: soketi ndi adaputala zolandira pulagi ya dziko lililonse. Zimagwetsa zonse takambazi, chifukwa sikelo ya 120V imalowamo mosavuta ngati ketulo. Tizitsulo take timagwira mwendo wa pulagi pamalo pang'ono, ndiye zimatentha. Pulagi ya ku Germany ya Schuko imatenga earth kudzera m'tizitsulo ta m'mbali, choncho ikalowa m'masoketi otere makina amayaka opanda earth ndipo palibe amene amadziwa. N'chimodzimodzi ndi chizolowezi chotsegula bowo la earth ndi kiyi kapena cholembera kuti pulagi ya miyendo iwiri ilowe. Chipangizo cha 230V cha ku Europe kapena South Africa chosaposa 13A chiikeni pulagi yathu ndi fyuzi yoyenera, 3A pa zazing'ono, osati 13A pa chilichonse. Choposa 13A chipite pa ya buluu.

Posintha mapulagi samalani ndi mitundu ya mawaya, chifukwa m'nyumba zathu muli mibadwo iwiri. Kale live anali wofiira, neutral wakuda, ndipo phase zitatu zinali wofiira, wachikasu ndi wa buluu. Masiku ano live ndi wabulauni, neutral wa buluu, phase zitatu wabulauni, wakuda ndi wotuwa. Ndiye waya wa buluu angakhale phase kapena neutral, wakuda chimodzimodzi, malinga ndi chaka chimene anaikidwa. Ku America wakuda ndi live, woyera ndi neutral. Musakhulupirire mtundu, yesani ndi mita.

Pogula, nyamulani soketi m'manja muone kulemera kwake, yang'anani chizindikiro cha muyezo, yesani ngati zotsekera mabowo zikubwerera. Fyuzi yeniyeni ya BS 1362 imakhala ndi mchenga mkati wozimitsa moto. Zachinyengo zambiri zimakhala zopanda kanthu ndipo zimaphulika. Ndikagula paketi ndimaswa imodzi kuti ndione. Gulaninso mapulagi apadera owonjezera, awiri kapena atatu a mtundu uliwonse, azisungidwa ndi mkulu wa labu m'dirowa yokhoma. Akapanda kupezeka tsiku limene makina atsopano afika, wina adzatenga adaputala.

Zikwangwani zimabwera pomaliza, zozokotedwa pa pulasitiki yolimba n'kukhomedwa ndi sikuluwu: ma volt, ma Hz, ma amp, ndi nambala ya buleka mu DB. Kenako pali yeso limene silifuna mita. Zimitsani main switch, UPS ndi thiransifoma, chotsani mabatire, tsimikizani ndi tesita kuti monse mulibe magetsi, ndipo itanani ogwira ntchito onse. Aliyense atenge pulagi ya makina ake ayese kuilowetsa mu soketi iliyonse imene waya wake ungafike. Mu labu ija tinapeza malo amodzi amene tinawaphonya: soketi ya pawiri ya 13A pansi pa tebulo la abwana, imene inali idakali pa UPS, ndipo amayi okolopa anatiuza kuti m'pamene amalumikiza makina awo opukutira pansi Lachisanu lililonse. Tinaichotsa pa UPS tsiku lomwelo n'kuibwezera pa mzere wamba.